Chigumu cha ku Chinsapo

Mlongo wanga anatulukiranso pakhomo pathu ku Kawale patatha zaka zoposa khumi bambo chimuthamangitsireni. Linali Loweruka masana. Ine ndinali pakhonde ndikusoka mayunifolomu a ana asukulu, ndipo nditamuona akukankha geti, atavala shati yoyera yosita bwino, m'manja atanyamula kontena ya ayisikilimu, phazi langa linaima lokha pamakina.

Tinabadwa awiri, ine woyamba, iye wotsatira. Makolo athu anachokera ku Thyolo tisanabadwe. Bambo anayendetsa galimoto za boma mpaka kupuma ntchito, ndipo nyumba ya ku Kawale anaimanga chipinda chimodzichimodzi. Anali mkulu wa mpingo, munthu wosalawa ngakhale thobwa logona. Tsiku limene mayi, pofuna kuchapa, anapeza ndudu ziwiri za chamba m'thumba la buluku la mlongo wanga, bambo sanakweze mawu. Analongedza zovala zake m'chikwama n'kukachiika kunja kwa geti. "Pakhomo panga sipakhala fodya wamkulu," anatero, n'kutseka. Mayi analira sabata yathunthu koma sizinasinthe kanthu. Pa maliro a mayi iye anabwera, anakhala ndi adzukulu kumanda, m'nyumba sanalowe.

Tsono panthawiyi bambo ankadwala khansa, imene adokotala anati yafika m'mafupa. Ine ndinali nditabwerera pakhomo banja langa litatha, ndiye wowadwazika ndinali ine. Kuchipatala ankatipatsa morofini wamadzi m'botolo, koma ankawasanzitsa ndi kuwamanga m'mimba, mpaka anayamba kumukana. Kudya kunali nkhondo. Phala masipuni awiri, basi atembenukira kukhoma. Munthu amene ankadzaza mpando wakutsogolo kutchalitchi anali atatsala mafupa okhaokha.

"Achemwali, ndamva kuti madala sakupeza bwino," anatero mlongo wangayo ataima pamasitepe.

"Wamva lero?"

"Ndinamva kale. Ndimaopa kubwera."

"Nanga lero mantha apita kuti?"

Analowa kuchipinda n'kunjuta pafupi ndi bedi. Bambo anamuyang'ana kamodzi n'kubweza maso kudenga. Iye anatsegula kontena ija. Munali chigumu cha nthochi, chodulidwa tizidutswa tonga bokosi la machesi, chofiirira bwino ngati chimene mayi ankaphika. Anati wabweretsa kuti mwina pakamwa pangatseguke. Anakhala pang'ono n'kutsanzika.

Cha m'ma folo koloko bambo anandiitana. Anafuna tiyi ndi kachidutswa kamodzi ka chigumu chija. Anamaliza konse. Kenako anagona tulo tofa nato, zimene zinali zisanachitike kwa miyezi, ndipo m'mawa mwake anandifunsa ngati usipa wa dzulo unatsalako.

Tsiku loyambalo ndinasangalala ndithu. Koma mlongo wanga anayamba kubwera Lachitatu ndi Loweruka lililonse, nthawi zonse ndi kontena, ndipo anabwera ndi malamulo.

"Chigumuchi n'cha madala okha," anandiuza. "Kachidutswa kamodzi patsiku, madzulo, ndi tiyi. Musapatseko mlendo, ngakhale inuyo musalawe."

"Bwanji? Muli chiyani?"

"Muli uchi ndi jinja ndi tina topatsa mphamvu. Amachiphikira odwala."

"Amaphika ndani?"

"Amayi ena a ku Chinsapo. Simungawadziwe."

Kontenayo sankaisiya kukhitchini. Ankaikweza yekha pamwamba pa wadirobu ya bambo.

Bambo anasintha, ndipo kusinthako ndi kumene kunandisowetsa mtendere. Ankadya, inde, mpaka kuitanitsa zakudya zimene anasiya kalekale, chinangwa chootcha, mpunga wa nyemba. Koma ankasekanso zinthu zosaseketsa. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akuseka tambala wa anansi athu mpaka misozi, ati akuyenda ngati bwana wina amene ankamuyendetsa kale. Maso ankafiira, pakamwa pankauma, madzi sankawakwana. Ankaimba nyimbo zakutchalitchi mokweza, kenako n'kuima pakati pa ndime, kuyang'anitsitsa chikhatho chawo ngati achiona koyamba. Amayi a kumpingo atabwera kudzawazonda anatuluka akuyamika Mulungu kuti mapemphero ayankhidwa. Ine ndinangoti ameni, mumtima muli zina.

Chimene chinandibaya kwambiri n'chakuti bambo anayamba kumufunsa. "Kodi mlongo wako abwera lero?" Munthu amene dzina lake silinkatchulidwa m'nyumba mwathu zaka zonsezo, lero akumudikira pakhonde. Akafika ankatsekerana kuchipinda, ine n'kuimitsa makina kuti ndimve zokamba zawo, koma ndinkangomva kuseka.

Masiku amenewo nyumba zambiri za ku Kawale zinkagulitsidwa. Makolo akangomwalira ana ankagulitsa, ogula n'kugwetsa, kumangapo mashopu ndi malo ogona alendo. Tsiku lina ndinamuona mlongo wanga kuseri kwa nyumba, manja kumbuyo, akuyang'ana denga, kenako mpanda, kenako denganso. Nditamufunsa anati akuona malata odontha. Tsiku lomwelo ndinatenga mapepala a nyumba m'sutikesi ya bambo n'kukawabisa pansi pa thumba la zidutswa za nsalu.

Ndinakambirako anansi athu, amayi ogulitsa tomato pamsewu, amene ankandiyang'anirako bambo ndikachoka. Anapukusa mutu. "Galu wamkota sakandira pachabe," anatero. "Munthu wosowa zaka zonsezi, lero chikondi chachokera kuti? Akuwadyetsa amenewo. Alipo asing'anga opereka mankhwala otembenuza mtima. Mudzangomva kuti asainitsidwa pepala."

Mawu amenewo sanandichoke. Lachiwiri m'mawa, bambo ali pakhonde kuothera dzuwa, ndinakwera pampando n'kutsitsa kontena ija. Ndinanunkhiza. Jinja ankamveka, nthochi zinkamveka, koma kuseri kwake kunali kafungo kena konga ka udzu wonyowa. Utsi wa chamba ndinkaudziwa, aliyense woyenda m'tinjira ta Kawale amaudziwa, koma sindinaganizepo kuti chinthucho chingalowe m'chakudya. Ndinati ngati muli mankhwala, thupi langa lindiuza. Ndinadya kachidutswa kamodzi n'kukhala pabedi kudikira. Palibe chinachitika. Ndinasesa, ndinatsuka mbale, ndinasamba, osamva kalikonse. Ndiye ndinati mwina kamodzi n'kochepa kwa munthu wamphamvu zake, ndinabwerera n'kudya kachiwiri, kokulirapo, ka pakona. Kenako ndinawasiya bambo m'manja mwa anansi aja n'kukwera minibasi yopita m'tauni kukagula nsalu ndi mazipi.

Chinandipeza titadutsa pa Mchesi. Poyamba lilime linauma ngati ndatafuna thonje. Kenako mtima unayamba kugundira m'makutu, miyendo n'kukhala ngati ya munthu wina amene ndangomunyamulira. Nyimbo ya m'minibasi inatalika, liwu limodzi losatha. Kondakitala atatembenuka n'kunena kuti, "Amayi akumbuyo, tasunthani pang'ono," ndinazindikira kuti akudziwa. Akudziwa chiyani, sindikanatha kufotokoza, koma ankadziwa. Dalaivala ankandiyang'ana pagalasi. Mtsikana wokhala pambali panga, amene ankaseweretsa foni, ndinkaona kuti akundijambula n'kumatumizira mlongo wanga. Ndinafumbata chikwama pachifuwa. M'mutu munali ganizo limodzi lokha, lakuti wandipha, ndipo bambo akuwaphanso pang'onopang'ono.

Mmene ndinatsikira kudepoti sindikumbuka. Ndimangokumbuka ndili m'shopu ya nsalu, maluwa a pa zitenje akufufuma ndi kufota ngati akupuma, wogulitsa akundifunsa kachitatu chimene ndikufuna, ine osakumbuka. Ndinatuluka n'kukakhala pansi m'mbali mwa msewu, munthu wamkulu ngati ine, chitenje m'fumbi. Pafupi panali amayi ena ogulitsa nthochi.

"Amayi, mukudwala?" anandifunsa.

"Ndadyetsedwa poizoni."

Anandigwira pachipumi, nandiyang'ana m'maso. "Mwadya chiyani?"

"Chigumu."

"Chogula kuti?"

"Cha ku Chinsapo. Chophikira odwala."

Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Si poizoni ameneyo. Mwadya chamba, mayi. Masiku ano akuchithira m'makeke, m'mabisiketi, ngakhale m'maswiti. Mwana wa mchemwali wanga anadya kukoleji, anakhala tsiku lonse kunsi kwa bedi, ati kukubwera asilikali. Khalani pompano, imwani madzi, chitha chokha."

Nawonso sindinawakhulupirire. Ndinkaganiza kuti m'madzimo athiramo kanthu, koma ndinamwa chifukwa kukhosi kunali moto. Anandikhazika pamthunzi wa ambulera yawo mpaka dzuwa litapendeka. Njala imene inandigwira pambuyo pake sindinaionepo, nthochi zawo ndinkangosenda ina ikatha ina. Mutu utayamba kubwerera m'malo anandiperekeza mpaka kundikweza minibasi. Dzina lawo sindinafunse, ndipo nditapitako sabata yotsatira kuti ndikathokoze ndinapeza ogulitsa onse a pamalopo atachotsedwa.

Lachitatu ndinamudikirira mlongo wanga kunja kwa geti kuti bambo asamve.

"Wakhala ukuwadyetsa chamba bambo anga."

Anaima, kontena ili m'manja. "Mwalawa?"

"Tiwiri."

"Tiwiri! Achemwali, si ndinanena kuti..." Anafuna kuseka, koma ataona nkhope yanga anameza. "Pepani. Koma ndi bambo anganso. Tayankhani, akudya kapena sakudya? Akugona kapena sakugona?"

"Munthu amene anakuthamangitsa chifukwa cha chamba, iwe n'kumudyetsa chomwecho. Ukubwezera?"

"Sindikubwezera. Ndiponso boma linavomereza chamba cha mankhwala. Simumva pawailesi?"

Ndinali nditamvadi kuti Nyumba ya Malamulo inalola ulimi wa chamba cha mtundu wina. M'maminibasi anthu ankatsutsana, ena ati tsopano aliyense atha kudzala kuseri kwa bafa, ena ati zimenezo n'za olemera okha. Ine sindinkalabadira, ndinkaona ngati nkhani yosandikhudza.

"Ngati n'chovomerezeka, unabisiranji?"

"Akanadya? Inuyo mukanawapatsa?" Anayang'ana pansi. "Mnzanga wina mayi ake anadwala matenda omwewa, chinawathandiza kudya. Nditamva kuti madala atsala mafupa, ndinaganiza kuti ndibwere ndi chiyani. Ine chimene ndimadziwa padziko pano ndi chamba, achemwali. Ndi chimene ndinali nacho."

Ndinamuyang'ana ndikufunafuna bodza pankhope pake. Sindinalipeze, koma zimenezo sizinandikhazike mtima pansi, pakuti wodziwa kunama saphethira. Ndinamuuza kuti anditengere kwa ophikawo tsiku lomwelo, apo ayi asadzapondenso pakhomo.

Ku Chinsapo tinatsika minibasi n'kuyenda pansi mtunda ndithu, kudutsa mauvuni a njerwa ndi timinda ta chimanga chouma, mpaka pakanyumba ka mpanda wa udzu. Ndinkayembekeza kupeza gulu la amuna ofiira maso ndi utsi. Ndinapeza amayi a msinkhu wanga, ovala duku ndi chitenje cha kumpingo kwawo, akusenda nthochi m'beseni.

"Awa ndi ndani?" anamufunsa mlongo wanga, maso awo ali pa nsapato zanga. "Ndinakuuza kuti usamabwere ndi anthu."

"Ndi achemwali anga."

"Sagwira ntchito kupolisi?"

"Ndine telala," ndinatero, n'kuwaonetsa zala zanga zobayidwabayidwa ndi singano.

Anandiuza kuti foni ndiilowetse m'chikwama, chikwamacho ndichisiye pakhomo. Atatero ndi pamene anavomera kulankhula. Anati chamba amachisungunulira m'majarini, mafutawo n'kusakaniza ndi ufa ndi nthochi, kuphika pambaula ngati chigumu china chilichonse.

"Mumayeza ndi chiyani?" ndinafunsa.

Anakweza dzanja. "Ndi ili. Ngati mchere m'ndiwo."

"Nanga chambacho chimakhala chofanana nthawi zonse?"

"Ayi, zimatengera wabweretsa ndani. China chimakhala chaukali, china chozizira. Ndimadziwa anthu akadya n'kudzandiuza."

"Kumunda kwake amapoperako mankhwala a mbozi?"

"Zimenezo akafunseni olima."

"Akuti boma linavomereza. Inu pepala muli nalo?"

Anaseka mowawidwa mtima. "Pepala n'la a minda ikuluikulu, a mipanda ya waya. Ine atandipeza ndi jumbo ili apayi, ndikagona kupolisi ngati wakuba. Koma omwewo a m'maofesi amabwera kuno ndi magalimoto awo kudzagula za kuphwando. Odwala ndiye ndimawamvera chisoni, chawo ndimachepetsako mphamvu."

Sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndi chimene chinandivuta, chifukwa ndinabwera nditakonzeka kudana nawo. Koma potuluka ndinaona mathireyi awiri pawindo akuzizira. Ina inali ya chigumu wamba chokagulitsa pamsika, inayo ya chija. Anali ofanana ndendende, opanda chizindikiro chilichonse. Ndinafunsa kuti amawasiyanitsa bwanji.

"Ndimadziwa," anatero.

Lachisanu linali tsiku la bambo lokaonana ndi adokotala. Atawapima, ndinawatulutsa n'kuwakhazika pabenchi panja, ine n'kubwereranso m'kati. Ndinayamba mozungulira, ati pali anansi athu ena odwala matenda omwewa amene achibale akuwapatsa chigumu cha chamba. Adokotalawo, bambo wachinyamata wovala magalasi, anasiya kulemba.

"Anansi anuwo ndi amene akhala pabenchi panjapo?"

Ndinagwetsa nkhope. Maso anga anapita kuchitseko, ndikuganiza kuti mwina aitana apolisi.

"Musaope, ine ntchito yanga si yomanga anthu," anatero. "Koma ndikuuzeni zoona. Chimene lamulo linalola ndi kulima kwa amene ali ndi laisensi, kuti chipangidwe mankhwala ndi zinthu zina. Silinalole chophika kuseri kwa nyumba. Mlongo wanuyo atamugwira nacho panjira, mlandu ulipo. Sindikana kuti odwala ena amati chimawathandiza kudya ndi kugona. Vuto n'lakuti palibe akudziwa kuchuluka kwake m'kachidutswa kalikonse, ngakhale wophikayo. Lero chochepa, mawa chochuluka. Bambo anu mafupa awo ndi ofooka. Chikawachititsa chizungulire n'kugwa, fupa likathyoka silidzalumikizananso. Chikaphatikizana ndi morofini atha kugona mopitirira. Ena chimawasokoneza mutu."

"Zimenezo ndazionera pa ine ndemwe," ndinatero, ndipo ndinawafotokozera za m'minibasi muja. Sanaseke.

"Koma ndikufunseni, amayi. Bwanji simunabwere kudzatiuza kuti morofini akuwasanzitsa? Kusanzako kuli ndi mankhwala ake, kumanga m'mimbako kulinso ndi ake."

Funso limenelo linandilasa. Miyezi yonseyo ndinkangoti ndi mmene matendawa amakhalira, ndipo tikafika pamaso pa adokotala bambo ankati ali bwino, ine n'kukhala chete. Anatisinthira kamwedwe ka morofini, natipatsa mapiritsi a mitundu iwiri. Ndili pakhomo kutuluka anawonjezera kuti, "Ndipo mkuluyo mutu wake ukuyenda bwino. Ayenera kudziwa chimene akudya."

Tinawauza Loweruka masana, ali pampando wawo pakhonde. Ndinalankhula ndine, mlongo wanga atagwada pansi pambali pawo. Sindinabise kanthu, ngakhale zoti ndinaba tizidutswa tiwiri. Bambo anamvetsera osandidula. Nditamaliza anayang'ana kugeti.

"Nyimbo zija ndinkaimba," anatero pomaliza, "ndinkaimba ndine, kapena chamba?"

Anatembenukira kwa ine.

"Amayi a kumpingo anapita kukachitira umboni kuti Mulungu wandikhudza." Anapukuta pakamwa ndi chikhatho. "Kataye chigumucho."

Ndinakachitaya m'chimbudzi chakunja. Pobwerera ndinapeza akulankhula ndi mlongo wanga, mawu ali pansipansi.

"Unaona kuti ndikufa ndi njala, unandimvera chisoni. Pamenepo sunalakwe. Unalakwa pondiyesa mwana wodyetsedwa mankhwala obisa m'phala. Ukanandifunsa, ndikanakana, koma kukanako kukanakhala kwanga."

"Pepani, bambo."

"Dzuka. Mawa ubwere udzandisambitse. Mlongo wako msana watha ndi kundinyamula."

Kuyambira pamenepo ankabwera tsiku lililonse, wopanda kontena. Ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwanyamula kupita nawo padzuwa. Mankhwala atsopano aja anathandiza, kusanza kunaleka, bambo ankadyako, ngakhale sanadzadyenso ngati masabata aja a chigumu. Kuseka tambala kunatha. Panali masiku ena amene ululu unkawakulira, akulumira mano, thukuta lili noninoni, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kumuuza mlongo wanga kuti athamangire ku Chinsapo. Ndinadzigwira, koma sindinganene kuti ndinadzigwira chifukwa chodziwa kuti ndikuchita bwino.

Panalinso masiku ena amene anandisokoneza. Mlongo wanga akatha kuwasambitsa ankatseka chitseko, ati kuti asazizidwe, n'kukhala m'katimo kanthawi. Akachoka, bambo ankagona bwino kuposa dzulo lake, n'kudzuka akufuna tiyi ndi buledi. Ndinkalowa n'kufufuza pansi pa pilo, m'matumba a jekete, m'madilowa, kununkhiza kapu. Ndinkawayang'ana m'maso ngati afiira. Sindinapezepo kanthu. Tsiku lina bambo anandigwira ndikununkhiza kapu yawo. Anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana, ndipo palibe anafunsa mnzake. Mpaka lero sindidziwa ngati anali mankhwala akuchipatala akugwira ntchito, kapena awiriwo anali ndi pangano lawo limene ine sindinayenere kulidziwa.

Anamwalira mvula itangoyamba, m'mawa, tonse awiri tili pomwepo. Nyumba sitinagulitse. Mlongo wanga anakonza malata aja n'kusamukira m'kachipinda ka kuseri, ndipo za mapepala sanafunsepo. Chamba akuti anasiya. Ndimamumva, koma zovala zake akayanika ndimadutsa pafupi.

Patatha mwezi chichitikireni maliro, kunabwera amayi ena a kumpingo kwathu, okhala ku Area 23. Anali m'gulu lija linabwera kudzazonda bambo. Anakhala pakhonde, tinakamba za mvula ndi za mayunifolomu, kenako anasendeza mpando kufupi.

"Amuna anga awapeza ndi matenda aja a malemu," anatero. "Sakudya. Ndinaona ndi maso anga mmene abambo anu anasinthira nthawi ija. Anthu akunong'ona kuti panali chakudya china chimene munkawapatsa. Chonde, mwana wanga, ndithandizeni."

Poyamba ndinaganiza kuti atumidwa ndi akuluakulu a mpingo kudzafufuza, kuti dzina la bambo lidetsedwe ali m'manda. Ndinawayang'ana manja. Zikhadabo zinali zodyeka ndi sopo wochapira zofunda za wodwala. Ndinawauza zonse, za kudya ndi kugona kwa bambo, za ine m'minibasi, za mathireyi awiri ofanana pawindo, za mawu a adokotala. Ndinawauza kuti abwerere kuchipatala akanene chilichonse chimene chikuwavuta amuna awo, asabise ngati mmene ndinabisira ine. Anamvetsera akugwedeza mutu.

"Nanga ku Chinsapoko ndi pati penipeni?" anafunsa nditamaliza.

"Njira ndinaiwala," ndinanama.

Anathokoza mwaulemu n'kunyamuka. Sabata yotsatira, ndikuchokera m'tauni ndi mpukutu wa nsalu pamutu, ndinawaona ataima pakona pa msewu wathu ndi mlongo wanga, mitu itayandikana. Atandiona anasiyana, amayiwo n'kulowera kokwerera minibasi osandipatsa moni. Ndinamufunsa mlongo wanga kuti amakamba chiyani. Anati amafunsa za munthu wokhoma malata.